Kagalu Kamene Kanagawidwa Pamodzi ndi Zovala

Mkazi wanga anabwera nako m'dengu logulira ndiwo, atakaphimba ndi chitenje kuti kondakitala wa minibasi asakaone. Masiku amenewo ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Kabulonga, kwa banja lina limene linali ndi galu wamng'ono woyera, wa ubweya wautali. Galuyo anatenga bere la kagalu ka kuseri kwa mpanda, ka mtundu wina, ndipo ana atabadwa abwana aakazi sanawafune chifukwa anali osakanizika. Anawagawira antchito. Kathu kanali kotsalira, koyera thupi lonse koma kofiirira m'makutu, kosalemera kuposa paketi ya shuga.

Ine ndinakulira kumudzi ku Katete, kumene galu amagona paphulusa, amadya makombo, ndipo ntchito yake ndi kuuwa ndi kusaka. Ndinakayang'ana kakunjenjemera pasimenti ya nyumba yathu ku Matero, ndipo ndinafunsa kuti kadzauwa ndani.

“Sikauwa munthu aka, bambo,” anatero mkazi wanga. “Kazingokhala nafe.”

Ana athu anali atakula n'kupita kwina kukafuna moyo, ndiye m'nyumba munali malo. Sindinatsutse. Dzina lenileni sitinakapatse. Iye ankangokaitana kuti “iwe”, kenaka n'kuyamwa mlomo, ndipo kankabwera kothamanga, zikhadabo zikulira pansi.

Kagalu kotere kali ndi ntchito yambiri kuposa mwana wa mbuzi. Lamulungu lililonse tikabwerako kutchalitchi, mkazi wanga ankavula yunifolomu ya amayi a mpingo, n'kuyala mphasa pakhonde, n'kukaika pamiyendo. Ankayamba kupesa kunsonga kwa ubweya, zala zina zitagwira kutsinde kuti chipeso chisakoke khungu. Akapeza mfundo sankalimbana nayo. Ankaimasula ndi zala pang'onopang'ono, uku akung'ung'udza nyimbo imene tinaimba m'mawa. Kuseri kwa makutu, m'khwapa ndi pansi pa mchira ndi kumene ankakhalitsa. Ubweya wogwera m'maso ankaudula ndi kasizasi, manthongo n'kupukuta ndi kansalu konyika m'madzi ofunda a mchere pang'ono. Chakudya chake chinali kapenta, tinsomba touma tija, wosinja n'kusakaniza ndi nsima yofewetsa, nthawi zina dzira. Mafupa a nkhuku anali oletsedwa. Ine ndinkakhala pampando ndi Baibulo, maso ali pamawu, koma zikuoneka kuti manja a mkazi wanga ndinkawawerenganso, chifukwa tsiku limene ndinafunika kuchita zimenezi ndinapeza kuti ndikuzidziwa.

Anthu a mumzere wathu ankaseka. Mayi wina amene ankachita lendi m'zipinda za kuseri kwa nyumba yathu ankati akakaona, “Ba neba, mopu yanu yathawa,” ndipo mkazi wanga ankayankha kuti mopu imeneyo imasamba kawirikawiri kuposa amuna ena a mumzere muno. Onse ankaseka. Panalibe chidani.

Kagaluko kanali ndi chizolowezi chimodzi chimene sikankaphonya. Dzuwa likapendeka, nthawi imene maminibasi ochokera m'tauni amayamba kutsitsa anthu pasiteshoni, kankapita pachitseko n'kukhala tsonga, mphuno pamng'alu. Ine ndinkaweruka msanga kunyumba yosungira katundu kumene ndinkagwira ntchito ku mafakitale, ndiye ndinkakapeza kali pomwepo. Kankandilonjera mwaulemu chabe, mchira kamodzi kawiri, n'kubwerera pachitseko. Amene kankadikira sanali ine. Zinayenda choncho zaka zambiri, ngakhale pamene mkazi wanga anasiya ntchito n'kuyamba kugulitsa tomato kumsika, chifukwa nthawi yofikira kunyumba inali yomweyo.

Anadwala nthawi yochepa. Anatisiya m'nyengo yotentha, mvula isanayambe. Za matendawo sindilemba pano.

Pamaliro nyumba inadzaza. Azimayi anagona m'kati, ife amuna panja pansi pa tenti. Wina anatsekera kagaluko m'kachipinda kosungira makala kuti kasapondedwe, ndipo kanakhala m'menemo masiku onse a maliro, mayi wa lendi uja akukaponyera chakudya. M'mawa wotsatira tsiku loika, achibale anasonkhana kuseri kwa nyumba kuti amete. Kwathu kum'mawa timatero, ngakhale kuti m'tauni muno ambiri amangodulidwa katsitsi kapatsogolo ndi sizasi. Ine anandimeta mutu wonse. Tsitsi lonse analisonkhanitsa n'kukalikwirira. Amene ankatsogolera zonsezi anali alamu anga, akulu ake a mkazi wanga, amene amakhala ku komboni ya George. Ndi mayi wamphamvu, wolankhula mosabisa, amene analera mng'ono wakeyo makolo awo atamwalira.

Tsiku lomwelo madzulo anthu atachepa, anatsegulira kagaluko. Kanatuluka kakuda ndi fumbi la makala, kanazungulira m'zipinda kakununkhiza, ndipo nthawi yake itakwana kanapita pachitseko n'kukhala tsonga. Mphepo itagwedeza chitseko, kanaimirira n'kuyamba kugwedeza mchira. Panalibe amene analowa. Ndinaona mayi wa lendi akunong'oneza alamu anga, ndipo alamu anga anayang'ana kagaluko nthawi yaitali.

Mawa lake linali tsiku logawa katundu. Zinthu zonse za mkazi wanga anazitulutsa n'kuziyala pakati pa chipinda: zitenje, madiresi, nsapato, mapoto amene anagula yekha, dengu lija, chipeso ndi kasizasi. Mwamuna wofedwa salankhula pa nthawi imeneyi. Amakhala pakona mutu uli pansi, a kuchikazi n'kumagawana. Ndinakhala choncho. Chilichonse chinapeza mwini wake. Zitatha, alamu anga anatembenukira kwa ine.

“Ba mulamu, vinthu vonse va mung'ono wanga vifunika vichoke muno. Na kagalu aka.”

Ndinadzutsa mutu.

“Sinikamba voipa,” anapitiriza. “Munaona mweka vamene kanachita pa chitseko. Kamuona mung'ono wanga. Ngati kankhala muno kazayamba kumuitana masiku onse, ndiye sazayenda, na imwe simuzapeza mutendere. Kazankhala kwa ine mpaka chaka chisile, tikakumasuleni ku maliro.”

Ine ndine Mkhristu. Ndimakhulupirira kuti mkazi wanga ali m'manja mwa Ambuye, ndipo palibe galu amene angamuitane kuchoka kumeneko. Ndikanatha kunena zimenezi. Koma m'chipindamo munali anthu amene anali atagona pansi sabata yonse chifukwa cha ine, ndipo mayi amene ankalankhulayo maso ake anali otupa ndi kulira. Munthu wokanirira katundu wa mkazi wake pa tsiku lotere, mbiri yake imafika kumudzi iye asanatuluke m'nyumba. Ndinati ndamva. Anakaika m'dengu lomwe lija limene kanabwerera, ndipo ndinakamva kakulira mpaka pamene anakhota pamsewu.

Panapita masabata angapo ndisanapite ku George. Ndinkadziuza kuti ndi galu chabe. Madzulo ndikaweruka ndinkaphika tiyi pambaula, n'kuwerenga Salimo, n'kugona. Pansi panalibe kulira kwa zikhadabo. Loweruka lina ndinagula buledi n'kukwera minibasi, ngati munthu wopita kukathokoza alamu ake chifukwa cha ntchito ya pamaliro.

Nyumba ya alamu anga ili mkati mwenimweni mwa komboni, kumene njira zimapyapyala mpaka wilibala yonyamula zigubu za madzi imakhula makoma. Ndinakapeza katamangidwa ndi chingwe pamtengo wa gwafa, pafupi ndi chimbudzi. Pambali pake panali chivundikiro cha poto chokhala ndi nsima youma ndi mafupa. Katandiona sikanagwedeze mchira kamodzi kawiri monga kale. Kanalumpha mpaka chingwe chinakagwetsa chagada.

Amuna awo a alamu anga anali pampando pakhomo, akukonza wailesi. Ndi munthu wanthabwala, amene anakhala zaka zambiri akuyendetsa malole.

“Ba mulamu, mwabwera kuona mulonda wathu? Dzulo kunabwera khoswe, mulonda anabisala kumbuyo kwa mutengo. Khoswe ndiye anadya nsima.”

Ndinaseka nawo, chifukwa anayembekezera kuti ndiseke.

Ndinene zoona za alamu anga. Sanakazunze. Ankakapatsa chakudya tsiku lililonse, madzi osasowa, ngakhale kuti madzi kumeneko ndi okatunga pampopi wolipira. Ankakasunga monga mmene galu amasungidwira, ndipo sakanadziwa kuti aka si galu wotero. Ubweya unali utayamba kale kugwirana kuseri kwa makutu. Titamwa tiyi ndinapempha kuti ndizibwera Loweruka lililonse kudzakapesa.

“Mwamuna mukulu, mudala wa mu chechi, kupesa galu?” anatero alamu anga. Koma anaganiza pang'ono. “Bwerani. Koma kupesa chabe. Musakanyamule pa chifuwa, musakalowetse mu nyumba, na kukatenga iyayi.”

Chipeso chija chinali chitapita kwa mdzukulu wina ku Chawama, amene ndikukhulupirira kuti mpaka lero akupesera tsitsi lake osadziwa mwini wake woyamba. Ndinagula china pamsika.

Ndinayamba kuyenda ulendo umenewo. Ndinkakhala pachidebe chovundikira pansi pa gwafa, kagaluko pamiyendo, n'kuyamba kunsonga, zala zitagwira kutsinde. Ndinkabweretsa kapenta wosinja m'kapepala. Oyandikana nawo ankasuzumira pampanda wa malata. Kawiri ndinafunsa ngati ndingakatenge chaka chisanathe, ndipo kawiri konse anandiyankha mofatsa kuti ayi. Ndinafotokozera mkulu mnzanga wa kutchalitchi. Iye anati mizimu sitiiopa, komanso si nzeru kuswa chibale chifukwa cha galu, ndipo ndinabwerera kunyumba ndi mawu awiri oona amene sanandithandize.

Chimene chinkandivuta kwambiri sindinauze munthu. Madzulo aja a tsiku lometa, kagaluko kataimirira n'kugwedeza mchira, inenso mtima wanga unalumpha. Ndinayang'ana chitseko pamodzi nako. Choncho alamu anga akamati kamuitana, sindinkapeza mphamvu yowauza kuti akunama. Ndinkapemphera za ichi, osadziwa bwinobwino chimene ndikupempha.

Kenaka mvula inabwera yambiri. Ndinagwidwa ndi chifuwa chimene chinandigoneka, ndipo nditayamba kupeza bwino, njira za ku George zinali zitasanduka madambo. Anthu ankadutsa poponda miyala ndi matayala. Ndinaimba foni kufunsa, ndipo alamu anga anati kali bwino, anakaikira beseni lakale kuti kazibisalamo mvula. Panapita Maloweruka angapo.

Tsiku limene ndinafika, nsapato zili m'manja, sikanalumphe. Ndinavundukula beseni lija. Kanali katagona pachiguduli chonyowa, ndipo fungo linandifikira ndisanakagwire. Ubweya wonse unali utagwirana ndi matope n'kukhala chikopa chimodzi cholimba, kuyambira pakhosi mpaka kumchira. Diso limodzi linali litamatika. Kanadzutsa mutu, kananyambita chala changa, n'kuubwezanso pansi. Nditalowetsa chala pansi pa ubweyawo ndinamva timatuza pakhungu, ndipo m'kamodzi munali kanthu koyenda. Zinali mphutsi, zija zimene ntchentche zimaikira panthaka yonyowa m'dzinja.

Alamu anga anatuluka akupukuta manja.

“Kaleka kudya kuyambira pa Chitatu,” anatero. Mawu awo anali otsika. “Nenze nifuna kukutumirani foni.”

Ndinapempha sizasi ndi mafuta odzola. Chipeso chinalibenso ntchito.

Ndinakhala pachidebe chija n'kuyamba kumeta. Ubweya wotere sungaudule pamwamba. Uyenera kupeza kampata pakati pa khungu ndi chikopacho, n'kulowetsa nsonga ya sizasi mogonetsa, chala chili pansi kuti ngati pali chodulidwa chikhale chala chako. Khungu la kagalu kotere ndi lopyapyala ngati la mwana wa nkhuku. Ndinayambira pakhosi, n'kumatsika. Chikopacho chinkasendeka pang'onopang'ono, ndipo pansi pake panali nthiti zowerengeka ndi zilonda zofiira. Patuza lililonse ndinkapakapo mafuta kuti mphutsi isowe mpweya, ikatulutsa mutu n'kuifinya. Kagaluko kankalira ndi kamawu kakang'ono, koma sikanandilume.

Ndisanafike pakati ntchitoyo inayamba kundikulira. Sindinaitane munthu, koma ndinangoona alamu anga aika beseni la madzi ofunda pambali panga, akhala pansi pamatope pomwepo ndi chitenje chawo, n'kugwira mutu wa kagaluko ndi manja awiri.

“Pitilizani,” anatero. “Nakagwira.”

Tinapitiriza ntchitoyo awiri. Amuna awo anabwera kudzaima chapatali, manja kumbuyo, ndipo kwa nthawi yoyamba analibe nthabwala. Nditafika kumakutu ofiirira aja, alamu anga anatola chigamba chimodzi cha ubweya chimene chinagwa, n'kuchitembenuza. Mkati mwake, kumene matope sanafike, munali moyera.

“Mung'ono wanga enze kukapesa pa Sondo,” anatero. “Nikabwera kumuona, nimupeza pa mphasa na aka. Nimuuza ati iwe, ulibe nchito? Aseka chabe.”

Misozi yawo inkagwera pamutu pa kagaluko. Sanaipukute chifukwa manja anali otanganidwa.

Titamaliza, chimene chinatsala pamiyendo panga chinali kanyama kamaliseche, kakang'ono kuposa mmene ndinkaganizira, kakunjenjemera. Ubweya unali mulu pansi. Alamu anga anauyang'ana muluwo, kenaka anayang'ana mutu wanga, pamene tsitsi linali litameranso.

“Ba mulamu,” anatero pang'onopang'ono, “tsiku lija tinameta, aka kenze kuti?”

Ndinati kanali m'kachipinda ka makala.

“Ndiye sitinakamete.”

Amuna awo anatsokomola. “Manje galu naye ni wa chibululu, m'bale wathu? Mawa muzakamba ati timete na nkhuku.”

“Kanagona ku mendo kwa mung'ono wanga zaka zonse izi,” anayankha alamu anga osawayang'ana. “Imwe kuchipatala munayenda kangati? Nkhalani zii.”

Anaimirira movutikira, maondo akulira, n'kukatenga khasu. Anasonkhanitsa ubweya wonse ndi manja awo, osasiya ngakhale kachidutswa, anakumba kuseri kwa gwafa n'kuukwirira, n'kupondaponda. Anasamba m'manja m'madzi otsala. Kenaka analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chitenje chimene ndinachizindikira, chobiriwira cha maluwa achikasu, chimene chinawagwera iwo pa tsiku logawa. Anaima nacho, anachiyang'ana, n'kubwerera nacho m'kati. Anatuluka ndi thaulo lawo lakale.

“Kameta manje. Maliro yasila na kwa aka. Katengeni, muyende nako kuli ba dokota ba vinyama, kangafe mu manja mwanga.”

Ndinadziwa kuti chifukwa chimene akundipatsira kagaluko si chimene ine ndimakhulupirira. Ine ndinameta chifukwa cha mphutsi. Mawu anafika pakamwa, oti sizasi sichotsa kanthu pa mzimu wa munthu, ndipo ndinawameza. Ndinalandira thaulo ndi manja awiri, ndinathokoza, ndinakakulunga n'kukaika pachifuwa, m'kati mwa jekete. Sanandiletse.

Dokotala wa ziweto anakabaya jakisoni, anandipatsa mankhwala opaka, ndipo anandifunsa mwaukali kuti kanafika bwanji pamenepa. Ndinati kanali kwa achibale, ndipo ine ndinadwala. Diso lija silinapulumuke. Linachita ng'ala, ndipo mpaka lero kakafuna kuona chinthu kamapendeketsa mutu. Masabata oyamba kankazizidwa kwambiri, moti ndinadula mkono wa juzi yanga yakale n'kuboola malo a miyendo. Mayi wa lendi atakaona anatsegula pakamwa kuti anene za mopu, koma anangoti, “Kabwera,” n'kukabweretsera dzira.

Ubweya unameranso, wosalala pang'ono kusiyana ndi kale. Ndimakapesa Lamulungu ndikabwerako kutchalitchi, pamphasa pakhonde. Chaka chitatha a kuchikazi anabwera, tinapemphera, anandimasula monga ananenera, ndipo chibale chathu chilipo. Alamu anga akabwera kudzandiona amabweretsa kapenta m'kapepala, amati ndi wanga, koma tonse timadziwa.

Pali chinthu chimodzi chimene chinasintha. Chibwerere ku George, kagaluko sikanapitenso pachitseko madzulo. Dzuwa likapendeka, maminibasi akuimba mabelu pasiteshoni, iko kamakhala kali gone pansi pa mpando wanga. Alamu anga atamva zimenezi anagwedeza mutu mokhutira.

“Mwaona, ba mulamu? Anayenda bwino manje.”

Mwina kanangoiwala m'miyezi ija ya pachingwe. Mwina kakalamba, kapena diso limodzi silikwanira kudikira nalo munthu. Sindinawatsutse, ndipo sindinawavomere. Ndinakabweza kunyumba monga ndinkafunira, ndipo ndimathokoza Mulungu kuti kali moyo. Koma pamene ndinkayenda m'matope a ku George ndi kanyama kaja m'jekete, ndinkaganiza kuti tikafika tidzakhala awiri odikira. Tsopano nthawi ija ikakwana ndimatseka Baibulo, chala chili pakati pa masamba, n'kumvetsera mapazi a anthu otsika minibasi akudutsa pamsewu, mpaka ataphwa. Kenaka ndimadzuka kukasinja kapenta.